Anthu Otsagana ndi Ngwazi pa Chithunzithunzi

Nkhani iri yonse ya ngwazi iri ndi anthu a magulu awiri. Pali ngwaziyo, imene dzina lake limalembedwa pa chikuto cha buku, ndipo pali ena oizinga: makolo ake, abale ake, mabwenzi, aphunzitsi ndi adani omwe. Anyamata amene amakonda kupenya zithunzithunzi m'tinyumba ta vidiyo pa misika ya ku Kasungu ali nalo dzina la munthu woyambayo. Iwo amamutcha mwini filimu, ndipo amadziwa kuti iyeyu angamenyedwe chotani sadzafa sewero lisanathe. Enawo alibe dzina lotere. Amabwera ndi kupita. Wina amafa pakati pa sewero, wina amangosowa, ndipo wopenya potuluka sawafunsa konse. Komatu munthu wofuna kudziwa ngati opanga chithunzithunzi agwira nchito yao moona ayenera kuchotsa maso ake pa ngwazi, nayang'anitsitse anthu a m'mbaliwo, pakuti pamene nkhani ichoka m'buku kukaoneka pa kanema, chikwanje chimagwera iwowo.

NGWAZI ZA M'TIMABUKU TA ZITHUNZI

Bvuto limeneli lidaonekera poyera ku America, kumene kuli timabuku ta zithunzi totchedwa makomiki. M'chaka cha 1938 anyamata awiri, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, adatulutsa nkhani ya Superman, munthu wa mphamvu zoposa za anthu onse. Chaka chotsatira kudabwera Batman, ndipo mu 1962 kudabwera Spider-Man. Popeza timabukuti timatuluka mwezi ndi mwezi, patapita zaka makumi angapo ngwazi iri yonse idakhala ndi mudzi wathunthu wa anthu oizinga, ndipo owerenga okhulupirika amawadziwa onsewo monga munthu adziwira anansi ake.

Anthu amenewa sadaikidwemo pachabe ai. Ngwazi yoyenda yokha iribe wolankhula naye, ndipo zimene iri kuganiza sizimveka. Nchifukwa chake mu 1940 olemba adampatsa Batman mnyamata wotchedwa Robin, kuti akhale naye womfotokozera nzeru zake. Chaka chomwecho Superman adayamba kumveka pa wailesi, kumene womvera saona kanthu koma kumva mau okha. Pamenepo kudapekedwa Jimmy Olsen, mnyamata wa pa nyumba ya nyuzipepala, ndi Perry White, mkonzi wake, ndipo awiriwa pambuyo pake adalowanso m'timabuku. Alfred, wanchito wa m'nyumba ya Batman, adayamba mu 1943 ali munthu wonenepa wopanda ndebvu. Koma chithunzithunzi cha chaka chomwecho chitamuonetsa woonda ndi wa ndebvu za kumlomo, ojambula timabuku adamuondetsa naonso. Mu 1964 olemba adamupha Alfredyo, ndipo mu 1966 adamuukitsa, chifukwa sewero la pa wailesi ya kanema lidamfuna.

Chithunzithunzi chiri ndi nthawi yochepa, maora awiri kapena kupitirira pang'ono. Munthu ali yense woonekamo afuna wosewera wake, malipiro ake, zobvala zake ndi mau ake oti alankhule. Wowerenga buku akaiwala dzina amabwerera m'mbuyo nalipeza, koma wopenya kanema sangatero. Tsono opanga zithunzithunzi ali nazo njira zinai zochitira ndi anthu otsagana ndi ngwazi. Njira yoyamba ndiyo kuchotsa: Batman wa mu 1989 adatuluka wopanda Robin. Yachiwiri ndiyo kuphatikiza: m'kabuku ka mu 1973 mtsikana Gwen Stacy ndiye adagwetsedwa pa mlatho namwalira, koma mu Spider-Man wa mu 2002 wogwetsedwa pa mlatho ndi Mary Jane, ndipo apulumuka. Yachitatu ndiyo kusintha khalidwe: M'Baku, amene m'timabuku adali mdani wotchedwa ndi dzina lomfanizira ndi nyani, mu Black Panther wa mu 2018 adachotsedwa dzina lonyazitsalo nakhala mfumu ya pfuko la kumapiri imene pomaliza ithandiza mnzake pa nkhondo. Yachinai ndiyo kupeka munthu watsopano, monga Rachel Dawes wa mu Batman wa mu 2005, amene m'timabuku munalibe.

Okonda timabuku amakangana kwambiri pa zinthu zimenezi, koma mkangano wao sutulutsa misozi ya munthu. Alfred alibe mudzi. Robin akachotsedwa palibe mai wake amene adzafunsa kuti mwana wanga mwamsiya kuti. Zinthu zimalemera pamene ngwaziyo iri munthu weniweni, ndipo oizinga ali ndi maina, minda ndi manda a makolo ao. Zotere zidachitika m'chigwa cha fodya cha ku Kasungu.

MNYAMATA WA KU MASITALA

Kum'mawa kwa boma la Kasungu, kufupi ndi Mtunthama, kuli dziko la Mfumu Wimbe, ndipo m'dzikomo muli mudzi wa Masitala. Kumeneko kudakulira William Kamkwamba, wobadwa mu 1987, mwana wamwamuna yekhayo pakati pa alongo asanu ndi mmodzi. Atate ake, a Trywell Kamkwamba, adali a malonda ku Dowa asanabwere kudzalima chimanga ndi fodya pamodzi ndi akulu ao, a John.

M'chaka cha 2001 mvula idagwa mosayenera, poyamba yochuluka yokokolola minda, kenaka yodukiza, ndipo chimanga chidachepa. Chimanga chosungidwa m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa. Pofika mwezi wa December mabanja ambiri ankadya kamodzi pa tsiku, anthu ankayenda mitunda itali-itali kufuna ganyu, ndipo gaga wodyetsa nkhuku adasanduka chakudya cha pa msika. Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza za tsokali pa 27 February 2002. M'masiku omwewo William adaleka sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa ndalama za fizi.

Pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe padali kanyumba ka mabuku, koyang'aniridwa ndi mai Edith Sikelo. M'menemo William adapeza buku lotchedwa Using Energy, limene pa chikuto chake padali zithunzi za makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chidali kumbvuta, koma zithunzi ankazimva. Adatola zitsulo pa dzala la esiteti ya fodya pafupi ndi Kachokolo, ndipo anthu pomuona akufukula zinyalala ankamunena kuti wachita misala kapena wasuta chamba. Ndi fani ya thirakitala, mapaipi ophwanthitsa pa moto, njinga yakufa ya atate ake, dainamo ndi mitengo ya bulugama, iye adaimika makina amene adayatsa babu. Pambuyo pake makinawo ankayatsa mababu anai ndi kuliza mawailesi awiri.

Nkhaniyi idalembedwa m'buku lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, limene William adalemba pamodzi ndi Bryan Mealer, nalituluka mu 2009. Chimene wowerenga amaona msanga m'bukumo nchakuti mnyamatayo sadali yekha tsiku ndi limodzi lomwe. Pambali pake padali Geoffrey, mwana wa a John, amene ankakonza naye mawailesi a anthu kuyambira ubwana. Padalinso Gilbert, mwana wa Mfumu Wimbe, amene adatulutsa ndalama za m'thumba mwake kugulira mnzake mabauti ndi dainamo pamene nchito idaima. Atatuwa ndiwo adadula mitengo, nakumba maenje, namanga nsanja, nakweza makinawo pamwamba. Akale adati mutu umodzi susenza denga, ndipo nsanja ya ku Masitala iri umboni wake.

Ngakhale kutchuka kwake kudadza ndi manja a ena. Mu 2006 Dr. Hartford Mchazime, wa bungwe lophunzitsa aphunzitsi lotchedwa MTTA, adamva za makinawo nabwera ndi atolankhani. Nkhani idatuluka mu Daily Times, ndipo mu 2007 William adaitanidwa ku msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania. Atathandizidwa kubwerera ku sukulu, adaphunzira ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, natsiriza pa Dartmouth College ku America mu 2014.

ZIMENE KANEMA ADACHITA NDI ANTHU A KU WIMBE

Bambo Chiwetel Ejiofor, wosewera wotchuka wa ku England wa makolo a ku Nigeria, ndiye adasandutsa bukuli chithunzithunzi. Iye adalemba sewerolo, naliyendetsa, nasewera yekha malo a a Trywell. Chithunzithunzicho chidajambulidwa ku Malawi konkuno, ku Wimbe komwe, ndipo chidaonetsedwa koyamba pa chikondwerero cha Sundance mu January 2019, nchifika pa Netflix pa 1 March chaka chomwecho. Kutalika kwake ndi mphindi 113. M'mphindi zochepazo zidalowa njira zonse zija za opanga Batman ndi Spider-Man.

Kuchotsa kudayambira m'nyumba. Mwa alongo asanu ndi mmodzi, kanema aonetsa Annie ndi khanda la kumsana. Wopenya wa kunja sataya kanthu pamenepa, koma munthu amene adaiona njala ya 2002 adziwa kuti ntanda umodzi wa nsima pakati pa anthu anai ndi wosiyana ndi ntanda womwewo pakati pa anthu asanu ndi anai. Kuopsa kwa njala kuli pa kuchuluka kwa manja olowa m'mbale.

Geoffrey nayenso sadapatsidwe malo amene ali nao m'buku, ndipo bwenzi loonekera pambali pa William ndi Gilbert. Kwa wolemba sewero chifukwa chake nchomveka: anyamata awiri ochita nchito yofanana asokoneza wopenya, tsono pasale mmodzi. Koma pano pali kanthu kamene Chingerezi chimabisa. M'chiyankhulo chimenecho Geoffrey atchedwa ndi liu limene limaphatikiza mwana wa amalume, mwana wa azakhali ndi mwana wa mbale wa atate, ngati onse ndi amodzi. Pa Chichewa a John ndi atate aakulu a William, ndipo mwana wao si msuwani koma mbale, mkulu wake weniweni. Amene adachotsa Geoffrey ankayesa kuti wachepetsa chiwerengero cha mabwenzi, pamene kwa Mchewa wachotsa mbale m'banja.

Kuphatikiza kudachitika pa dainamo. M'buku, dainamo idagulidwa ndi Gilbert. Pa kanema, dainamo iri pa njinga ya mphunzitsi wa sayansi, Mike Kachigunda, amene ali pa ubwenzi ndi Annie. Ndipo William aipeza pamene mlongo wakeyo athawa ndi mphunzitsiyo nthawi ya njala. Kumangako nkwanzeru, pakuti kwalumikiza sukulu, ukwati, njala ndi makina pa chingwe chimodzi, ndipo kwampatsa mtsikana gawo m'nchito ya mlongo wake. Nkwanzeru ndithu, koma mphatso imene mnyamata wina adapereka m'chaka cha usiwa yachoka m'manja mwake. Mamiliyoni a anthu amene adapenya kanema osawerenga buku sadziwa kuti dainamo ija idagulidwa ndi yani.

Kusintha khalidwe kudagwera atate. Buku limatha kulowa m'mutu mwa mnyamata ndi kufotokoza nkhondo imene ali kumenya ndi zitsulo ndi mau obvuta a Chingerezi. Kanema sangajambule maganizo; afuna munthu woima pa njira, wotsutsana ndi ngwazi maso ndi maso. Njala iribe nkhope, ndipo umphawi sulankhula. Tsono njinga imene m'buku idali yakufa, yotsamira pa khoma, pa kanema yasanduka njinga yamoyo, chuma chotsiriza cha banja, ndipo atate aikaniza mwaukali, nakalipira mwana wao kuti aleke zoseweretsa agwire khasu. M'buku atate adakanadi poyamba, nabvomera pambuyo pake, koma mkangano waukulu wa pa kanemawo udakulitsidwa kuti sewero likhale ndi msana. Nzoona kuti a Trywell a pa kanema ndi munthu wozama, womvetsa chifundo, amene ukali wake uchokera ku manyazi a mwamuna wolephera kudyetsa ana ake. Ndiponso mai Agnes apatsidwa mau amphamvu odzudzula amuna ao. Komabe a Trywell enieni adzakumbukika kunja monga bambo amene adalimbana ndi nzeru za mwana wake.

Chomwechonso ndi nkhani ya mitengo. Ali yense wa ku Kasungu adziwa mmene nkhalango zidathera. Fodya wowamba m'mabalani amadya nkhuni zambiri, fodya wa m'zigafa afuna mapolo ndi udzu, ndipo maesiteti adatsegula minda yaikulu kuyambira m'zaka za ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda. Mlandu umenewu ngwa anthu ambiri ndi zaka zambiri. Kanema alibe nthawi yofotokoza zonsezi, chotero asonkhanitsa mudzi pa bwalo tsiku limodzi, naonetsa mwana wa malemu a John akubvomera kugulitsa mitengo kwa a fodya pamene mfumu iri kuletsa. Tchimo la chigwa chonse lapatsidwa nkhope imodzi.

Ngwazi yokha ndiyo idatsukidwa. M'buku William adzinenera yekha chinthu chowawa, kuti galu wake Khamba atafooka ndi njala, iye ndi mbale wake wina adakammangirira ku mtengo kuthengo namsiya kuti afe. Pa kanema galuyo angofa ndi njala. M'buku makina oyamba adapatsa magetsi a m'nyumba, ndipo madzi adadza patapita zaka, atathandiza anthu amene adamva za iye mu 2007. Pa kanema makina oyambawo apopa madzi m'chitsime, nathirira mbeu, napulumutsa mudzi. Apa William wafanana ndi Superman, amene amafika nthawi yake yeniyeni. Njala ya 2002 sidathe chotero. Idatha pamene chimanga cha m'munda chidacha ndi pamene thandizo la chakudya lidafika, ndipo ambiri sadakhale ndi moyo kufikira masikuwo.

MAU NDI NKHOPE

Palinso bvuto la osewera. Opereka ndalama zopangira kanema amafuna maina odziwika, ndipo maina odziwika sapezeka ku Wimbe. William adaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya; mai Agnes ndi Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal nakulira ku France; Mfumu Wimbe ndi Joseph Marcell wa ku England; mai Sikelo ndi Noma Dumezweni; mphunzitsi uja ndi Lemogang Tsipa wa ku South Africa. Mmalawi wa malo aakulu adali Lily Banda, amene adasewera Annie. Bambo Ejiofor adalimba mtima kuti mbali yaikulu ya sewero ikhale m'Chichewa, ndipo iye ndi anzake adaphunzira mau ao movutikira.

Wopenya wa ku London sadamve cholakwa chiri chonse, popeza iye ankawerenga mau a Chingerezi olembedwa m'munsi. Wopenya wa ku Kasungu adamva Chichewa chachilendo m'kamwa mwa atate ndi amai, ndi Chichewa chakwao m'kamwa mwa mlongo ndi anthu odutsa m'mbali. Amalawi ambiri adadandaula pa chimenechi, ena adaseka. Koma nkoyenera kukumbukira kuti njira yapafupi idalipo, ndiyo kuti mudzi wonse wa Wimbe ulankhule Chingerezi, ndipo mlendoyu adaikana. Ndiponso m'mbali mwa sewero ndimo mudaonekera Malawi weniweni: nkhope za anthu a pa mzere wa chimanga pa ADMARC, amai a pa maliro, ndi Gule Wamkulu. Ngakhale m'makanema a ngwazi za m'timabuku, a kuno amaonekera m'mbali momwemo; mu Black Panther mmodzi wa akulu a pa bwalo la mfumu adali mai Connie Chiume wa ku South Africa, amene atate ake adali a ku Nkhata Bay, ndipo adamwalira mu 2024.

DZINA LA PA BELO

Mlimi wa fodya angamvetse nkhani yonseyi msanga koposa munthu wa m'tauni. Belo likafika pa okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo limakhala ndi nambala ya mlimi mmodzi. Koma fodyayo sadalimidwe ndi munthu mmodzi. Alipo amene adathirira nazale m'mawa ndi madzulo m'dzuwa la October, amene adaokera mvula itagwa, amene adapalira ndi kuthira feteleza, amene adathyola, amene adasoka, amene adapachika m'chigafa, amene adasankha masamba ndi amene adadinda pa jeke. Ena ndi akazi ndi ana a mwini munda, ena ndi matenanti ochokera kutali. Wogula safunsa maina ao, ndipo sangathe kuwafunsa, pakuti mabelo ndi ambiri ndipo iye ayenda mofulumira pa mzere. Msika ufuna dzina limodzi.

Chithunzithunzi nacho ndi katundu wa pa msika, ndipo dzina limodzi la pa chikuto ndilo limachigulitsa. Palibe chifukwa chokwiyira opanga kanema pa chimenechi, monganso palibe wokwiyira kalaliki wa pa okushoni chifukwa sadalembe dzina la wosoka fodya. Mlandu umabuka kumudzi, pamene ndalama zafika ndipo mwini nambala aiwala manja amene adamthandiza. Pa nkhani ya ku Masitala mwini nambala sadaiwale. M'buku lake William adatchula anthu ake mmodzi-mmodzi, ndi chimene yense adachita. Choopsa nchakuti kanema amayenda msanga koposa buku. Ana a ku Kasungu amene adabadwa njala itatha adzaona kanema pa foni asanagwire bukulo, ndipo chimene aona ndi maso chidzakhala mbiri yao. Pakapita zaka, ngakhale a m'mudzi momwemo angayambe kusimba za mpope umene udathetsa njala.

CHOYENERA KUCHITA

Anthu otsagana ndi ngwazi amapeza malo pamene nthawi ichuluka. Masewero a pa wailesi ya kanema, oyenda sabata ndi sabata, ali nayo nthawi imene chithunzithunzi cha usiku umodzi chiribe. Smallville, nkhani ya ubwana wa Superman, idayenda kuyambira 2001 kufikira 2011, ndipo makolo ndi mabwenzi ake adakhala anthu athunthu. Gotham, kuyambira 2014 kufikira 2019, idaika patsogolo wapolisi James Gordon. Mu 2019 Alfred uja, atatumikira zaka 76, adapatsidwa sewero lake-lake lotchedwa Pennyworth. Nkhani ya njala ya ku Wimbe ikadasimbidwa chotero, sabata lina likadakhala la mai wogawa ufa, lina la mfumu imene buku ndi kanema omwe asimba kuti idamenyedwa itapempha chakudya cha anthu ake pa msonkhano wa pulezidenti, lina la woyang'anira mabuku, lina la mbale wokonza mawailesi.

Amalawi naonso ayamba kupanga zithunzithunzi zao, monga a Shemu Joyah amene adapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, ndipo bvuto lomweli liri kuwadikira. Wofuna kujambula nkhondo ya John Chilembwe ya mu 1915 adzayenera kusankha chochita ndi mai Ida Chilembwe, John Gray Kufa, Duncan Njilima ndi David Kaduya. Wofuna kujambula ulendo wa mnyamata Kamuzu wochokera ku Kasungu kupita ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg adzapeza pa njira a Hanock Msokera Phiri, mbale wa makolo ake amene adagwira naye nchito kumeneko, nabwerera kudzakhala mbusa wa mpingo wa African Methodist Episcopal. Chikwanje chidzafunika ndithu, chifukwa maora awiri satambasuka.

Koma wodula nkhani ya anthu enieni asunge zinthu zitatu. Choyamba, asachotse nchito yabwino m'manja mwa amene adaichita ndi kuipereka kwa wina popanda chifukwa chachikulu, pakuti kwa munthu wosauka mbiri yabwino ndicho chuma chimene amasiyira ana ake. Chachiwiri, asasenzetse munthu wodziwika dzina mlandu wa anthu ambiri pofuna kukometsa sewero. Ngati mdani afunika, ampeke ndi dzina limene palibe mwini wake. Chachitatu, asanajambule akhale pansi ndi eni nkhani, afunse ubale monga eni ake auwerengera, kuti adziwe kusiyana kwa mbale ndi msuwani, kwa atate aakulu ndi amalume.

Wopenya nayenso ali ndi nchito yake. Kanema wa ku Wimbe potsiriza aonetsa nkhope za eni nkhani enieni ndi mau ochepa osimba za moyo wao, ndipo pambuyo pake padutsa maina ambiri-mbiri a anthu amene adagwira nchitoyo. Nthawi imeneyo ndiyo anthu amanyamuka ndi kukung'untha fumbi. Wanzeru akhale pansi awerenge. Akatero afunefune bukulo, ndipo ngati ali wa ku Kasungu, kapena wa boma lina liri lonse kumene njala ija idafika, afunse akulu a kwao kuti m'chaka cha 2002 adagawira anzao ufa ndani, adakongoza mbeu ndani, adakumba manda ndani pamene okumba adafooka. Mayankho ao awalembe m'kope, dzina ndi dzina, akuluwo akali ndi moyo.